A Fundi Banaba ndi Giyabokosi ya Dzanja Limodzi

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha a Fundi Banaba, chaka chitakwana chimwalirireni. Ana awo anachokera ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndipo pamwalapo analembetsa kuti anali bambo wofatsa. Nditawerenga ndinaluma mlomo kuti ndisaseke pamanda. Ana amenewa anachoka pachilumba ali aang'ono, tiwakhululukire. Ine ndinakangana ndi a Banaba kuposa munthu wina aliyense pa Likoma pano, ndipo ndikunena mosabisa kuti kufatsa sanakudziwe. Koma mlongo wanga Luka ali ndi banja lero chifukwa cha iwo. Lukayo pakamwa ndi polemera, ndiye ntchito yonena yagwera ine.

A Banaba ankakhala chakumtunda kwa Chipyela, pomwe msewu umayamba kukwera kulowera ku Khuyu. Malo awo a ntchito chinali chisakasa cha malata otha, chotseguka mbali zitatu. Ali mnyamata anagwira ntchito m'chipinda cha injini m'sitima, ndipo phokoso la kumeneko linawapha khutu limodzi. N'chifukwa chake ankalankhula mokuwa paliponse, ngakhale m'tchalitchi. Akati akunong'oneze kanthu, anthu a mabenchi atatu ankatembenuka.

Magalimoto kwathu kuno ndi owerengeka, timawadziwa ndi kulira kwake asanatulukire. Choncho a Banaba ankadyera mainjini a maboti, zigayo ndi njinga zamoto, koma mtima wawo unali pa magiya. Galimoto ikafa pachilumba sichoka, imawolera pomwe yafera. Iwo ankaziyendera galimoto zakufazo ndi thumba la masipanala, n'kumasula chilichonse chokhala ndi mano. Ankazisunga m'mabeseni a oyilo wakuda, giya iliyonse ataimanga kaulusi ka ukonde ka mtundu wake, kuti azikumbukira komwe inachokera. Ankati chitsulo sichidziwa dziko la kwawo: giya ya ku Japan ndi ya ku Mangalande zikhoza kukhala nyumba imodzi, bola mano amvane. Ankasamba m'manja asanayambe ntchito, koma akamaliza ankangopukutira m'thalauza. Sipanala sankabwereketsa, ngakhale kwa abusa. Chomwe ankadana nacho kwambiri chinali hamala. Ankati munthu akatola hamala ndiye kuti nzeru zamuthera, ndipo ankanena zimenezi mwini hamalayo ali pomwepo.

Mkangano wanga ndi iwo unayambira kudoko, komwe ndimagulitsa tiyi ndi zitumbuwa tsiku la sitima. Tsiku lina anamwa kapu imodzi, n'kulengeza ndi mawu awo aja kuti tiyi wangayo ndi madzi a m'rediyeta. Mzere wonse unaseka. Ndinawalanda kapu, ndipo ndinalumbira kuti sindidzawagulitsanso. Zaka zinayi tinkangodutsana. Iwo ankatuma asodzi kuti awagulire, n'kukamwera kuseri kwa mlambe, akuganiza kuti sindikuwaona.

Tili m'kati mosalankhulana choncho, Luka anachita ngozi. Luka ndi wamng'ono kwa ine. Anali ndi pikapu yakale yomwe ankanyamulira katundu wotsika m'sitima: ufa, simenti, malata, shuga wa m'magolosale. Tsiku lina anaima pachigayo china kuti athandize kubwezera lamba yemwe anaguluka. Lambayo anakola mkono wa malaya, n'kukoka dzanja. Anamutumiza kuchipatala cha kumtunda, kutsidya kwa nyanja, ndipo anabwerako dzanja lamanzere litadulidwa pansi pa chigongono.

Bala linapola, koma munthuyo ayi. Ndodo yosinthira magiya m'galimoto zathu imakhala kumanzere, ndipo kumanzereko n'komwe kunalibe kanthu. Pikapu inaima pabwalo, nkhuku zikuikira mazira pampando. Luka anadzitsekera m'nyumba, anasiya kumeta, anasiya kupita kutchalitchi. Njala italowa, abale a mkazi wake anabwera kudzatenga mkaziyo ndi ana awiri, kuti akakhale kaye kwawo ku Chizumulu. Sananene kuti ukwati watha, koma tonse tinkadziwa kuti zinthu zikapanda kusintha sabweranso. Ndikamupititsira chakudya ankayang'ana khoma. Kamodzi kokha anandiuza kuti, “Achemwali, mukanangondisiya komwe kuja.” Mawu amenewo anandiopsa kuposa tsiku la ngozi.

A Banaba palibe anawaitana. Anangofika m'mawa wina, n'kuyamba kukuwa pabwalo.

“Iwe Luka! Tuluka! Sindinabwere kukuona iwe, ndabwera kuona galimoto.”

Luka anatuluka pofuna kuti phokoso lithe. Anamukhazika pampando wa dalaivala, n'kumuuza kuti atsamiritse chotsala cha mkono wake pachiwongolero. Anayang'ana nthawi yaitali, akutafuna kamtengo.

“Ukalira janja lomwe linapita?” anafunsa motero m'chilankhulo chathu cha kuno. “Ilo silibwera. Giya ndiyo ikhoza kusamuka. Tiipititsa kumanja.”

Ine ndinali pakhonde, ndipo ndinaiwala kuti sitilankhulana. Ndinati, “A Fundi, musamupatse mwanayu chiyembekezo chabodza. Wavutika mokwanira.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Mama, inu konzani tiyi wanu. Za magiya tisiyireni.”

Ankakumbukira galimoto ina yomwe azungu anabwera nayo kalekale kuchokera kudziko loyendetsera mbali inayo. Ndodo yake ya giya inali kumanja, pansi penipeni pa chiwongolero, moti munthu ankatha kuikankha ndi zala dzanja lisanachoke patali. Ndodoyo anaipeza m'chigoba cha galimotoyo, m'mene munthu wina ankasungiramo mbuzi. Koma ndodo yotere imafuna bokosi lakelake la magiya, ndipo bokosilo linali litasowa. Anafunsafunsa mpaka anamva kuti msodzi wina wa ku Mbungo amaligwiritsa ntchito ngati nangula wa boti. Anapita wapansi, pa msinkhu wawowo, atasenza chitsulo china cholemera choti akasinthanitse. Anabwerera pa boti, atakumbatira bokosi lodzaza ndere ndi nkhono.

Zam'kati mwake zinali zitadyeka ndi dzimbiri, chinatsala chabwino ndi chigoba chokha. Magiya anawatola m'mabeseni mwawo, ambiri ochokera ku kalole kena ka ku Japan. Shafiti yolumikiza ku kilatchi anaichotsa m'pikapu ya Luka momwemo. Zinthu zitatu za makolo osiyana sizikanangokumana zokha. Pena panatsala mpata, pena panathina, pena mabowo a mabawuti sanayang'anane. Chitsulo chophwatalala cholumikizira bokosi ku injini anachidula okha, n'kuboola ndi dirilo ya pamanja. Tizitsulo tofunika kusula pamakina ankayamba atisema pamtengo wolimba, n'kupatsira anthu a m'sitima kuti akapereke kwa mmisiri wa kumtunda. Zojambula papepala sankazikhulupirira, ankati pepala aliyense amaliwerenga mwa iye yekha. Kachitsulo kakabwera kosakwana bwino, ankadikiranso sitima ya sabata yotsatira, akutukwana mmisiri yemwe sanamuonepo nkhope. Inatha miyezi isanu.

Atamanga zonse anaiyesa okha katatu pachitunda cha ku Khuyu, n'kulengeza kuti yatheka. Pachiwongolero anamangapo kambale kachikopa koti Luka azilowetsamo mkono wodukawo posintha giya. Tsiku loti Luka ayendetse, anthu anadzaza m'mbali mwa msewu. Ena anabwera kudzasangalala, ena kudzaona ngati munthu wa dzanja limodzi angathedi. Anakweza matumba a simenti a mphunzitsi wina. Luka anameta tsiku limenelo, anavala malaya oyera.

Ananyamuka bwinobwino. Analowetsa giya yachiwiri ndi zala ziwiri, amayi n'kuyamba nthungululu. Ali pakati pa chitunda, pomwe pali miyala, giya ija inatuluka yokha. Injini inakuwa, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Luka anasiya chiwongolero kuti agwire ndodo, tayala linagunda mwala, chiwongolero chinatembenuka, pikapu n'kukhala m'ngalande chammbali. Matumba awiri anaphulika. Palibe anavulala. Koma ndinamva ndi makutu angawa bambo wina akunena kuti, “Tinanena ife. Ndani angakweze katundu wake kwa munthu wotere?” Luka nayenso anamva. Anatsika, malaya ali mbuu ndi simenti, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba osacheuka.

Zomwe ndinawalankhula a Banaba pamsewu paja sindingazilembe. Ndinawatchula nkhalamba yodzimva, yoseweretsa mabala a anzawo. Ndinkadikira kuti andibwezere, koma iwo anangotsikira m'ngalande kukasuzumira pikapu ija.

M'mawa mwake anafika kwanga ndi pikapu ija, ataitulutsa m'ngalande. Anati, “Mama, kwerani. Musayang'ane msewu, muziyang'ana ine.”

Ndinakwera ndili chikwiyire. Anakwera chitunda chija pa giya yachiwiri, ndipo sinatuluke. Anabwerera, n'kukweranso, osatulukanso. Ulendo wachitatu ndinaona. Dzanja lamanzere linali pachiwongolero, ndipo zala za dzanja lamanja zinali zitatsamira ndodo ya giya njira yonse.

“Mukuigwira,” ndinatero.

“Sindikuigwira.”

“Mukuigwira, a Fundi. Taonani zala zanuzo.”

Anayang'ana. Anachotsa zala, ndipo nthawi yomweyo giya inatuluka. Anaponda buleki, n'kuzimitsa injini. Anatambasula dzanjalo patsogolo pawo, akuliyang'ana ngati la munthu wina.

“Janja langa landinamiza,” anatero. Anabwerezanso motsitsa, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa.

Moyo wawo wonse anayendetsa galimoto zotha, zomwe magiya ake amathawa pokwera. Madalaivala onse a kuno amadziwa kuti umangoitsamira ndodoyo n'kumapita. Dzanja lawo linazolowera kuchita zimenezo losauza mwini wake. Anayesa galimoto ya munthu wa dzanja limodzi ndi manja awiri, ndipo lachiwirilo linabisa vuto.

Tsiku la sitima lotsatira a Banaba anakwera pa diramu kudoko, anthu ali pikitipikiti. Munthu yemwe sanapepesepo kwa wina aliyense anakuwa kuti onse amve: kuti Luka sanalakwitse kanthu, kuti wolakwa ndi iwo, kuti anamupatsa mwana wa eni ake galimoto yosatha kukonza. Anatchula dzina la bambo uja wa mawu oipa, n'kumuuza kuti ngati akufuna woseka aseke Banaba. Ine ndinali pamenepo ndi ketulo m'manja, misozi ikungotsika.

Kenaka anawoloka nyanja kupita ku Kobwe. Za ulendowo ndazimva bwino Loweruka lomweli, kwa a Zuze, mmisiri wa tsidya la ku Mozambiki, yemwe anawoloka kudzakhala nawo pamwambo wa chiliza. Kachitsulo kozungulira komwe kamatsekera giya yachiwiri kanali kodyeka, ndipo kofanana nako kanali m'kalole kakufa kuseri kwa nyumba ya a Zuze. Awiriwa anagwirapo ntchito limodzi m'sitima. Anadana tsiku lomwe a Banaba anawapeza akumenya beringi ya injini ndi hamala, n'kuwauza pamaso pa akuluakulu kuti akanakhala bwino kukaswa miyala. Zaka zoposa makumi awiri sanapatsane moni.

A Zuze akuti anawasiya atakhala pamwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, osawapatsa ngakhale madzi. Kenaka anawafunsa chomwe abwerera. A Banaba anafotokoza za Luka, anafotokozanso kulakwitsa kwawo osabisa. A Zuze anati, “Kachitsuloko kali umo, tengani. Koma shafiti yake inagwirana ndi dzimbiri. Sipanala siichotsa.” Atatero anawaikira hamala pamiyendo.

“Ndinkafuna akane,” a Zuze anandiuza, akupukuta m'maso ndi chipewa. “Akanakana ndikanawachotsera ndekha. Koma anaitola, mama. Anamenya ngati munthu woti sanaigwirepo, mpaka anadziphwanya chala. Ine ndi amene ndinachita manyazi.”

Ndikukumbukira kuti anabwerako chala chachikulu chitakulungidwa nsanza. Nditafunsa anati chinapanidwa ndi boti.

Atamanganso bokosilo anabwera kwa ine ndi pempho lachilendo. Anapinda mkono wawo wamanzere, n'kundiuza kuti ndiumange ndi chitenje pachifuwa, chigongono chokha chitsale panja. Ndinamanga mothinitsa, mwina kuposa momwe zinkafunikira. Anadzaza pikapu ndi miyala, n'kuyamba kukwera ndi kutsika chitunda chija ndi dzanja limodzi, m'mawa ndi masana, sabata yathunthu. Anthu ankati a Fundi mutu wazungulira. M'masiku amenewo anapeza zina zomwe manja awiri sakanaziona: kuti handibuleki nayo ili kumanzere, kuti kambale kachikopa kaja kanali kutali, kuti ndodo inkafuna kupindidwa pang'ono kuti ifike pa zala. Zonsezo anazisintha.

Chinatsala ndi Luka. Anakanitsitsa kutuluka. A Banaba anakuwa, anatukwana, anatchula mayina a makolo athu, koma chitseko chinali chitsekere. Ndiye anakhala pansi pakhonde, mkono uli chimangire, n'kunena kuti samasula mpaka Luka atayendetsa. Anadya pomwepo ndi dzanja limodzi, akudzitayira ndiwo. Madzulo anapita kwawo ali chimangire, m'mawa anabwera ali chimangire. Lamulungu analowa m'tchalitchi momwemo, atavala jekete ndi chitenje changa cha maluwa pamwamba pake. Zala zawo zinayamba kutupa. Ndinachita mantha, ndinapita pawindo la Luka n'kumuuza kuti nkhalambayi ikataya mkono, mlandu ukhala wake.

Lolemba m'mawa chitseko chinatseguka.

“Atate, mukundichititsa manyazi,” anatero Luka.

“Manyazi ndinachita ine kudoko. Kwera.”

Panalibe gulu tsiku limenelo, ndinalipo ine ndi mbuzi za eni ake. Ndinawatsatira wapansi. Pikapu inafika pamiyala paja, inagwedezeka uku ndi uku, giya ili chigwirire. Inakwera mpaka pamwamba. Nditafika ndili wefuwefu ndinapeza Luka ataika chipumi pachiwongolero, mapewa akunjenjemera. A Banaba ankalimbana ndi mfundo ya chitenje ndi mano. Mawu oyamikira sananene. Anangoti, “Ukuchedwa kusiya kilatchi. Udzanditheranso ntchito yanga.”

Katundu woyamba anali wa mphunzitsi yemwe uja, amene simenti yake inatayika. Ena anatsatira pang'onopang'ono. Sukulu zisanatsegulire, mlamu wanga ndi ana anatsika m'boti la ku Chizumulu, ndipo Luka anakawatenga kudoko pa galimoto. Ine ndinapita kuchisakasa ndi ketulo yodzaza ndi mbale ya zitumbuwa. Ndinali nditakonza mawu ambiri othokoza, koma nditayamba anandidula, n'kufunsa ngati ndabweretsa shuga. Anati tiyi sanasinthe, akadali wa m'rediyeta. Anamwa makapu atatu.

Sindinawathokoze mokwanira, ndipo zimenezi zimandiwawa. Anadwala masiku ochepa chabe, chifuwa, ndipo tinkati achira.

Ana awo atatha za chiliza anagulitsa zonse za m'chisakasa kwa wogula zitsulo zakutha, ndipo malata anapatsa achibale. Dzulo ndinakwera ndi Luka pochokera kudoko. Titafika pamalopo anakhotetsa osandiuza, n'kuima. Patsala nsanamira zinayi ndi dzenje lomwe a Fundi ankalowamo poyang'ana galimoto kunsi. M'dzenjemo mwagwera masamba, ndipo wina wayamba kutayamo zinyalala. Pansanamira imodzi pali misomali yopanda chopachikapo. Dothi aliseseratu, ngakhale kawaya sungakapeze.

Luka sanazimitse injini. Anandiuza kuti kwa masabata awiri tsopano m'bokosi la magiya muja mukumveka kulira kwachilendo, ndipo pa dziko lonse palibe wamoyo amene akudziwa zomwe zili m'katimo.

“Achemwali, mukukumva?”

Ndinakumva, kulira kwapansipansi ngati kwa njuchi. Tonse tinayang'ana pakati pa nsanamira zija. Kenaka anasendeza pikapu pamwamba pa dzenje, anazimitsa, anatulutsa masipanala awiri pansi pa mpando, n'kutsikira m'dzenje muja. Patapita kanthawi anandiitana.

“Bwerani mudzagwire mbali iyi. Ine ndipotokola inayo.”

Ndinatula beseni langa, ndinakwinya chitenje, n'kutsika. Bawuti yoyamba tinaipotokolera kolakwika, tinaithinitsa m'malo moimasula. Tinazindikira tokha patapita nthawi, chifukwa panalibe wotikalipira.